Kuyeza chinyezi cha pansi pa nthaka musanathirire: mmene masensa amathandizira ulimi wa mthirira

Ku Lilongwe mvula yodalirika imayamba kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala n'kusiya mu Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo. M'miyezi yotsalayo mbewu iliyonse yobiriwira imene timaiona m'madimba a ku Mitundu, ku Nathenje, ku Malingunde kapena m'mbali mwa mitsinje ya Lilongwe, Lingadzi ndi Diamphwe imakhala ndi moyo chifukwa cha madzi amene munthu wawatunga n'kuwafikitsa pa mizu. Madzi amenewo si aulere. Wina amalipira ndi msana wake ponyamula makeni, wina ndi miyendo popalasa thiredo pampu, wina ndi petulo kapena dizilo, ndipo wina ndi mayunitsi a ESCOM kapena ngongole ya pampu ya sola. Chilala cha El Niño cha m'nyengo ya 2023/24, chimene chinachititsa Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera kulengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi, chinapatsa mphamvu onse olimbikitsa ulimi wa mthirira. Koma zokambirana zambiri zimathera pa madamu, zitsime ndi mapampu, ndiko kuti pa njira zofikitsira madzi m'munda, pamene funso limene mlimi amakumana nalo m'mawa uliwonse ndi lina: kodi ndithirire lero kapena ndidikire, ndipo ndikayamba kuthirira ndisiye nthawi yanji?

Alimi ambiri amayankha funsoli poyang'ana dothi la pamwamba ndi masamba, ndipo zizindikiro ziwiri zonsezi zimanyenga. Mu Okutobala dothi la pamwamba limauma pakangopita maola ochepa mutathirira, pamene pansi pake pomwe pali mizu pakadali madzi okwanira masiku angapo. Masamba a matimati kapena a chimanga amathanso kulendewera dzuwa likafika pamutu ngakhale nthaka ili yonyowa, chifukwa mizu ikulephera kukoka madzi pa liwiro limene masamba akuwatayira, ndipo madzulo amadzukanso okha. Mlimi woopa kutaya mbewu yake amasankha kuthirira, ndipo sitingamunene, pakuti mbewu yofota imaoneka ndi maso pamene madzi opitirira mizu saoneka. Ndi chifukwa chake m'minda yambiri ya mthirira vuto lofala ndi kuthirira mopyola muyezo, osati kuperewera kwa madzi.

Kuthirira mopyola muyezo kumadya ndalama m'njira zingapo, koma yaikulu ndi ya feteleza. Feteleza wa Urea, amene ali ndi nayitrojeni wokwana magawo 46 pa 100 aliwonse, akalowa m'dothi lonyowa amasanduka naitireti pakapita masiku, ndipo naitireti samamatira ku dothi koma amayenda ndi madzi kulikonse kumene madziwo akupita. Madzi akatsika kupitirira pamene mizu yathera, chakudya cha mbewu chimatsika nawo. Mlimi amaona masamba achikasu n'kuganiza kuti thumba la makilogalamu 50 limene anagula linali lachinyengo kapena linachepa, chonsecho fetelezayo ali pansi pamene mizu singamufikire. Dothi lodzaza madzi limasowanso mpweya, mizu imalephera kupuma ndi kukula, ndipo matenda owoletsa mizu amapeza malo abwino.

Kuti timvetse chimene sensa, kachipangizo koikidwa m'dothi kuti kazisonyeza chinyezi, imayeza, tiyambe ndi mmene dothi limasungira madzi. Dothi lili ngati chinkhupule: mukachiviika chimadontha kwa kanthawi, kenako chimasiya kudontha koma chikadali ndi madzi, ndipo pamene mukuchifinya madzi otsalawo amavuta kwambiri kutuluka. Dothi likathiriridwa mokwanira n'kusiya kudontha, patapita tsiku limodzi kapena awiri, limakhala litasunga madzi onse amene lingathe kugwira. Kuyambira pamenepo mizu imakoka madziwo, ndipo mphamvu imene mizu ikufunika kugwiritsa ntchito imakwera pamene dothi likuuma. Akatswiri amayeza mphamvu imeneyi m'ma kPa. Dothi longosiya kudontha limakhala pa 10 mpaka 33 kPa, ndipo likafika pa 1,500 kPa mbewu zambiri zimafota osadzukanso. Madzi amene mbewu ingagwiritse ntchito ndi a pakati pa malire awiriwa, ndipo kuchuluka kwake kumadalira mtundu wa dothi: la mchenga limasunga mamilimita pafupifupi 60 mpaka 100 pa mita imodzi ya kuya, pamene katondo wosakanikirana bwino kapena makande a m'dambo amatha kusunga mamilimita 150 kapena kuposerapo.

Koma mbewu imayamba kuvutika isanamalize madzi onsewo. Buku la nambala 56 la FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, lomwe linatuluka mu 1998 ndipo alangizi ndi ophunzira za mthirira amaligwiritsabe ntchito, limasonyeza kuti chimanga chimapirira mpaka chitamwa magawo pafupifupi 55 pa 100 a madzi osungidwawo, matimati magawo 40, ndipo anyezi magawo 30 okha. Tikaphatikiza izi ndi kutalika kwa mizu timaona chifukwa chake ndondomeko imodzi yothirira singakwanire minda yonse. Anyezi wa mizu yotsika masentimita 30 okha, wobzalidwa pa dothi la mchenga losunga mamilimita 70 pa mita, ali ndi mamilimita 21 m'dera la mizu yake, ndipo akamwako 6 kapena 7 wayamba kale kumva ludzu. Mu Okutobala amenewo ndi madzi a tsiku limodzi. Chimanga cha mondokwa chimene mizu yake yatsika mita imodzi pa dothi losunga mamilimita 150 chingamwe mamilimita oposa 80 chisanavutike, ndiko kuti chingathe masiku khumi kapena kuposerapo osathiriridwa. Alimi awiri oyandikana amene amathirira tsiku limodzi chifukwa amabwerekana pampu angakhale akulakwitsa onse awiri, wina pochedwa, wina pofulumira.

Masensa a chinyezi alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. Mtundu woyamba umayeza mphamvu imene tatchula ija, ndiko kuti mmene dothi likuumirira madzi. Chida chakale cha mtunduwu ndi tensiometer, yomwe ndi paipi yodzaza madzi yokhala ndi kachikho ka dothi lowotcha kumunsi kwake ndi geji kumwamba. Dothi likamauma limakoka madzi kudzera m'timabowo ta kachikhoko ndipo muvi wa geji umakwera. Tensiometer ndi yolondola ndithu, koma imasiya kugwira ntchito dothi likauma kupitirira pafupifupi 80 kPa chifukwa mpweya umalowa, ndipo imafuna kuwonjezeredwa madzi nthawi ndi nthawi. Palinso masensa aang'ono okwiriridwa, monga a Watermark, amene ali ndi mawaya awiri mkati mwa kachidutswa komwa madzi. Kachidutswako kakanyowa magetsi amadutsa mosavuta, kakauma amavutika, ndipo kusiyana kumeneku ndiko kumasandulizidwa kukhala nambala yofika mpaka 200 kPa.

Mtundu wachiwiri umayeza kuchuluka kwa madzi enieniwo m'dothi, ndipo umadalira mmene zinthu zimasungira mphamvu ya magetsi. Pa muyezo umenewu mpweya uli pa 1, miyala ndi tizidutswa ta dothi zili pa 3 mpaka 5, pamene madzi ali pafupifupi pa 80, motero madzi akangowonjezeka pang'ono sensa imazindikira msanga. Masensa amenewa amapereka manambala ooneka okongola, mwachitsanzo kuti dothi lili ndi madzi okwana magawo 18 pa 100. Komatu nambala imeneyo payokha siuza mlimi kanthu, chifukwa magawo 18 pa dothi la mchenga ndi madzi ochuluka, pamene pa makande mbewu ingakhale ikufota. Pamafunika kuyamba mwayeza dothi la m'mundamo kuti mudziwe malire ake. Mwa maganizo anga, ichi ndicho chifukwa chake masensa a mtundu woyamba ndi oyenera kwambiri alimi ang'onoang'ono: 50 kPa ndi 50 kPa pa dothi lililonse, chifukwa ikunena za ntchito imene muzu ukugwira.

Pa mfundo imeneyi m'pamene panakhazikika chida chotchedwa Chameleon, chimene anapanga Richard Stirzaker ndi anzake ku bungwe la kafukufuku la CSIRO ku Australia, ndipo chinayesedwa ndi alimi a kuno ku Malawi, ku Tanzania ndi ku South Africa kudzera mu ntchito ya Virtual Irrigation Academy mothandizidwa ndi ACIAR, bungwe la boma la Australia lothandiza kafukufuku wa ulimi m'maiko ena. Masensa atatu amakwiriridwa pa kuya kosiyanasiyana, ndipo mlimi akalumikiza kowerengera kake amaona timagetsi titatu m'malo mwa manambala. Mtundu wa buluu ukutanthauza kuti dothi ndi lonyowa, pansi pa 20 kPa kapena pafupi pamenepo. Wobiriwira ukutanthauza kuti muli chinyezi chokwanira, pakati pa 20 ndi 50. Wofiira ukutanthauza kuti lauma kupitirira 50. Munthu amene sanapite patali ndi sukulu amatha kuwerenga zimenezi pa tsiku loyamba. Malipoti a ntchitoyi amasonyeza kuti alimi ambiri ataona kuti masensa a pansi akukhala pa buluu sabata ndi sabata, anayamba kudumpha masiku ena othirira ndipo zokolola zawo sizinatsike, m'malo ambiri zinakwera.

Chida chinzake cha Chameleon, chotchedwa FullStop, chimayankha funso la nthawi yosiyira. Chimaoneka ngati fanulo yokwiriridwa pansi, yokhala ndi kapaipi kotulukira pamwamba. Madzi othirira akamatsika n'kufika pa kuya kumene fanuloyo ili, ena amasonkhana mkati mwake n'kukweza kachizindikiro koonekera pamwamba pa nthaka, ndipo pamenepo mlimi amadziwa kuti madzi afika pamene amafuna. Madzi osonkhanawo amakokedwa ndi sirinji n'kuyezedwa ndi kapepala kosintha mtundu kamene kamasonyeza kuchuluka kwa naitireti, ndipo angayezedwenso mchere. Mlimi akaona kapepala kakufiira kwambiri ndi madzi ochokera kunsi kwa mizu, waona ndi maso ake feteleza wake akuthawa. Pali maphunziro ochepa amene angamusinthe maganizo msanga kuposa pamenepa.

Malo okwirirapo sensa ndi nkhani imene ambiri amaipeputsa, chonsecho ndi imene imawononga manambala kwambiri. Sensa imamva dothi la masentimita ochepa okha moizungulira, ndiye ikaikidwa pa chulu, pa dzenje losonkhana madzi, pansi pa mtengo wa mango kapena kumapeto kwa mzere kumene madzi safika bwino, idzanena zoona za malo amenewo koma zabodza za munda wonse. Iyenera kukhala pakati pa mbewu zathanzi zoyimira munda wonsewo, m'dera la mizu, ndipo dothi liyenera kuigwira bwino popanda mpata wa mpweya. Pa mthirira wa mapaipi odontheza madzi iikidwe pafupi ndi podonthera, m'mbali mwa chigawo chonyowa, osati pakati pa mizere pouma. Kuya nakonso kumasankhidwa potengera mbewu: ya pamwamba pamene pali mizu yambiri, ya pakati, ndi ya pansi kumapeto kwa mizu. Ya pamwamba imauza mlimi nthawi yoyambira, ya pansi imamuuza ngati akupyola muyezo. Munda umene mbali ina ndi mchenga, ina ndi makande, monga zimakhalira m'madimba otsetsereka kulowa m'dambo, ukufunika masensa mbali zonse ziwiri.

Sensa ya m'dothi imanena za zimene zachitika kale. Kuti tidziwe za mawa timafunika manambala a nyengo: kutentha, chinyezi cha mumpweya, liwiro la mphepo ndi mphamvu ya dzuwa. Kuchokera pa zinayi zimenezi, njira ya Penman-Monteith imene FAO imalimbikitsa imawerengera mamilimita a madzi amene udzu waufupi wothiriridwa bwino ungataye pa tsiku, ndipo nambala imeneyo imachulukitsidwa ndi nambala ya mbewu malinga ndi msinkhu wake. Kuno ku Lilongwe, m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi nambala ya nyengo imakhala pafupifupi mamilimita 3 pa tsiku, koma mu Okutobala imafika pafupifupi 6. Nambala ya matimati ndi 0.6 akadali aang'ono ndipo imakwera kufika 1.15 akamachita maluwa ndi kubereka; ya chimanga imayambira pa 0.3 n'kufika 1.2. Milimita imodzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi ndi lita imodzi, ndipo pa hekitala ndi malita 10,000. Choncho dimba la masikweya mita 1,000, lomwe ndi pafupifupi kota ya ekala, likufuna malita osakwana 2,000 pa tsiku matimati akangowokeredwa mu Juni, koma likufuna pafupifupi 7,000 pa tsiku akamabereka mu Okutobala. Amene amayatsa pampu maola ofanana kuyambira powokera mpaka pokolola amataya madzi koyambirira n'kumana mbewu pa nthawi imene ikufunitsitsa.

Nthawi yofunitsitsa imeneyo isaiwalike powerenga sensa. Chimanga chikamatulutsa ngayaye ndi ndevu, ludzu la masiku ochepa limachepetsa maso pa chisononkho, ndipo madzi othirira pambuyo pake sangabweze zotayikazo. Matimati akamauma kwambiri kenako n'kumizidwa m'madzi amang'aluka kapena kuda kumunsi, chifukwa kashiyamu, chakudya china chimene mbewu imatenga m'dothi, amayenda ndi madzi ndipo safika bwino ku chipatso madziwo akamadukizadukiza. Wogula pa msika wa Wakawaka amasankha matimati otere n'kuwaika pambali. Mtundu wofiira pa sensa ya pamwamba ungaloledwe kwa masiku angapo chimanga chikamakhwima, koma pa kabichi wongowokera ukutanthauza kuti mlimi wachedwa kale.

Si mlimi aliyense amene angagule siteshoni ya nyengo, ndipo si zofunikanso, chifukwa nyengo ya m'dera limodzi lathyathyathya sisiyana kwambiri pa makilomita angapo. Nthambi yoona za nyengo ili ndi masiteshoni ake, kuphatikizapo ya ku Chitedze ndi ya ku bwalo la ndege la Kamuzu, ndipo sikimu kapena kalabu ingagwiritse ntchito siteshoni imodzi. Chimene munda uliwonse ukufunika payokha ndi choyezera mvula ndi njira yodziwira madzi amene akutuluka pa pampu. Mita ya madzi ndi yabwino, koma ndowa ya malita 20 ndi wotchi ya pa foni zimagwiranso ntchito: ndowa ikadzaza m'masekondi 20, pampu ikutulutsa lita imodzi pa sekondi, ndiko kuti malita 3,600 pa ola. Popanda kudziwa nambala imeneyi, kuwerengera mamilimita konse kuja sikungasanduke maola a pampu. Tikumbukirenso kuti si madzi onse otuluka pa pampu amene amafika pa mizu. FAO imayerekeza kuti pa mthirira wa ngalande amafika magawo pafupifupi 60 pa 100, pa mthirira womwaza madzi ngati mvula magawo 75, ndipo pa wodontheza magawo 90.

M'mafamu akuluakulu ndi m'mashedi olimamo ndiwo zamasamba, masensa amalumikizidwa ku kabokosi kokhala ndi batire ndi kasola kakang'ono, kamene kamalemba manambala mphindi zingapo zilizonse n'kuwatumiza pa netiweki ya Airtel kapena TNM, kapena pa wailesi ya LoRa imene imafika makilomita angapo pogwiritsa ntchito magetsi ochepa. Manambalawo amaoneka pa foni kapena pa kompyuta ngati mzere wokwera ndi kutsika, ndipo mzere umenewu umaphunzitsa zambiri kuposa nambala ya tsiku limodzi. Mizu ikamamwa bwino, chinyezi chimatsika masana n'kuima usiku, motero mzerewo umaoneka ngati masitepe. Masitepewo akayamba kufupika dzuwa lili chiwalire, mbewu yayamba kuvutika kukoka madzi ngakhale masamba asanasonyeze. Sensa ya pansi ikakwera nthawi iliyonse mukathirira, madzi akupitirira mizu. Ikayamba kusonyeza masitepe imene kale inali phee, mizu yafika pa kuya kumeneko ndipo mungatalikitse masiku a pakati. Makina ena amapitirira pamenepa n'kumatsegula ndi kutseka mavalavu okha. Ameneyo ndi mdalitso pamene zonse zikuyenda, koma waya umodzi wodulidwa ndi khasu kapena wodyedwa ndi mbewa ungachititse makina kuganiza kuti dothi lauma n'kuthirira usiku wonse, choncho pamafunika malire a maola ndi munthu woyendera munda.

Zithunzi za setilaiti zimathandiza pa mbali ina. Masetilaiti a Sentinel-2 amajambula malo amodzi pafupifupi masiku 5 aliwonse, ndipo kadontho kamodzi ka chithunzi kamayimira mamita 10 m'litali ndi m'lifupi, pamene tsamba la FAO la WaPOR limapereka mwaulere chiyerekezo cha madzi amene mbewu zikugwiritsa ntchito mu Africa muno. Kwa woyang'anira sikimu yaikulu zimenezi zimasonyeza zigawo zimene zikutsalira. Kwa mwini mabedi ochepa a mpiru, munda wonse umakwana m'timadontho tiwiri kapena titatu, ndipo phindu lake ndi lochepa.

Chopinga chachikulu, mwa kuona kwanga, chili pa ulamuliro wa madzi osati pa zipangizo. M'masikimu ambiri madzi amagawidwa mosinthana, chigawo ichi Lolemba, icho Lachinayi, ndipo mlimi amene sensa yake ikusonyeza buluu pa tsiku lake amaopa kudumpha chifukwa sakudziwa ngati sabata yamawa madzi adzabwera. Amathirira basi. Kuti manambala asinthe kanthu, komiti ya ogwiritsa ntchito madzi iyenera kuwaona pamodzi ndi mlangizi, n'kulola kuti amene wadumpha tsiku lake asataye mwayi wake, ndiponso kuti madzi opulumutsidwawo apite kwa a kumunsi kwa ngalande amene nthawi zambiri amalandira zotsalira. Pampu za sola zabweretsa vuto lina la mtundu womwewu. Popeza mphamvu ya dzuwa ndi yaulere, palibe chimene chimakakamiza mlimi kuzimitsa pampu, ndipo zitsime za m'dambo zimaphwa msanga mu Okutobala, pamene mtsinje wa Lilongwe wochokera ku Dzalanyama ndi womwewo umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde omwetsa mzinda. Lamulo la madzi la 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority kuti lizipereka zilolezo zotungira madzi ochuluka, ndipo famu imene ili ndi mita ndi kaundula wa madzi ake imatha kusonyeza ngati ikutsatira chilolezo chake.

Palinso za kasamalidwe. Masensa okhala ndi jipisamu, mwala wofewa woyera ngati choko, amatha pakapita zaka zochepa chifukwa jipisamuyo amasungunuka pang'onopang'ono. Madzi a mchere, monga a m'mijigo ina ya ku Chikwawa ndi Nsanje, amasokoneza masensa odalira magetsi n'kuwachititsa kusonyeza chinyezi chochuluka kuposa chomwe chilipo. Tisola ndi mabatire osiyidwa poyera amakopa akuba. Nambala ikaoneka yachilendo, njira yotsimikizira ndi kukumba ndi khasu pafupi ndi sensa mpaka pa kuya kwake, kutapa dothi n'kulifinya m'manja: likaumbika n'kusiya chinyontho pachikhatho pamene sensa ikunena kuti lauma, sensayo ifukulidwe, iviikidwe m'madzi kuti muone ngati ikuyankha, ndipo ikwiriridwenso bwino kapena isinthidwe.

Kalabu yoyamba kumene siyenera kugula zonse nthawi imodzi. Masensa atatu pa munda umodzi kapena iwiri yoyimira minda ina, kowerengera kamodzi kobwerekana, choyezera mvula ndi kope n'zokwanira pa nyengo yoyamba. M'kopemo muzilembedwa tsiku, mitundu kapena manambala a masensa onse atatu musanathirire ndiponso tsiku lotsatira, maola a pampu, malita a petulo, tsiku lothira feteleza ndi kulemera kwa zokolola. Mabedi ena asiyidwe kuti azithiriridwa monga mwa kale, pa dothi lofanana ndi mbewu yofanana, kuti pokolola pakhale poyerekezera. Pa nyengo yachiwiri kalabuyo idzakhala ndi manambala a dothi lake ndi mbewu zake, ndipo kuchokera pa amenewo ingawerengere ngati petulo ndi feteleza wopulumutsidwa zikukwanira kulipira masensa a minda yotsalayo.